Zopondera za galimoto ya malonda: mamilimita ochepa amene amateteza kilatchi, mabuleki ndi katundu

Wamalonda amene ali ndi pikapu kapena kalole kake amadziwa kuwerengera ulendo. Amawerengera mafuta, chiphaso cha pamsika, anyamata okweza ndi kutsitsa matumba, ndalama ya pa toll gate ya Chingeni kapena ya Kalinyeke, ngakhale matimati amene aphwanyike m'njira. Chimene ambiri salemba m'kope ndi zitsulo zitatu zili kumapazi kwa dalaivala: chopondera kilatchi, chopondera buleki ndi chopondera moto. Komatu kutalika kwa zopondera zimenezi, ndiponso mmene phazi limazigwirira, n'kumene kumanena ngati kilatchi ikhale zaka kapena miyezi, komanso ngati mabuleki agwirebe galimoto ikafika kumunsi kwa mtsetse.

Nkhaniyi ndi ya ndalama. Zipangizo za galimoto pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera m'masitolo ndi m'misika yomwe. Kusintha kilatchi kumafuna kutsitsa giyabokosi, ntchito yotenga tsiku lathunthu kapena kuposa. Galimoto ikagona pagalaja tsiku la msika wa Lizulu kapena wa Jenda, mwini wake walipira kawiri: kwa makaniko ndi kwa makasitomala amene agula kwa ena.

Luso la chidendene ndi zala

Pali kayendetsedwe kamene ochita mpikisano wa magalimoto amakatcha heel-and-toe, kutanthauza chidendene ndi zala za kuphazi. Galimoto ya magiya osintha pamanja ili ndi zopondera zitatu, pomwe munthu ali ndi mapazi awiri. Pofuna kutsitsa giya uku galimoto ikuchepetsa liwiro, phazi lamanzere limakhala pa kilatchi, lamanja pa buleki, ndipo moto umasowa wouponda. Luso limeneli limagawa phazi lamanja pawiri. Mbali ya kutsogolo, cha pansi pa chala chachikulu, imakanikiza buleki. Chidendene kapena m'mphepete mwa phazi mumagunda moto kamodzi, mwachangu, n'kuusiya.

Moto umenewu si wothamangitsira galimoto, chifukwa nthawi imeneyo kilatchi ili pansi ndipo injini siyikukoka matayala. Ntchito yake ndi kukweza kuzungulira kwa injini kuti kufanane ndi kumene giya yotsikayo ikufuna. M'mapikapu ambiri, pa giya yachinayi injini ndi shafuti yopita kumbuyo zimazungulira mofanana, pomwe pa giya yachitatu injini imazungulira pafupifupi maulendo 1.4 pa ulendo umodzi wa shafuti. Choncho galimoto imene injini yake ikuzungulira maulendo 1,500 pa mphindi pa giya yachinayi, ikalowa yachitatu pa liwiro lomwelo injiniyo iyenera kufika pafupifupi 2,100.

Dalaivala akapanda kuwonjezera moto, maulendo 600 otsalawo amakokedwa ndi kilatchi. Mbale ya kilatchi imakhulana ndi flywheel mpaka injini itafika pamene matayala akufuna, ndipo kukhulana kulikonse kumadya mbaleyo ngati nsapato pa phula. Akamasula kilatchi mofulumira, galimoto imagwedezeka, madengu amagundana, mazira amasweka. Pikapu yopanda katundu, imene imakoka ndi matayala akumbuyo, imatha kuterereka kumbuyo ngati izi zachitika pokhota mvula itagwa.

Kumene dzinali linachokera

Dongosolo la kilatchi kumanzere, buleki pakati ndi moto kumanja silinayambe ndi galimoto zoyamba. Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, inali ndi moto wa pamanja pafupi ndi chiwongolero. Cadillac ya mu 1916 ndiyo imatchulidwa kuti inayamba kuika zopondera monga zilili lero, ndipo Austin 7 ya ku Britain, imene inatuluka mu 1922, inathandiza kufalitsa dongosololi. Ngakhale zinali choncho, magalimoto ena a m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 anali ndi chopondera moto pakati pa kilatchi ndi buleki. Madalaivala a nthawi imeneyo ankagwiritsadi chidendene pa chopondera china ndi zala pa china, ndipo dzina linakhala. Masiku ano ambiri amangopendeketsa phazi n'kugunda moto ndi m'mphepete mwake.

Kale luso lofananitsa kuzungulira kwa injini ndi giya silinali la ochita mpikisano okha. Magiyabokosi analibe timphete tothandiza magiya kulowa mosakukuta, totchedwa synchromesh, mpaka Cadillac inayamba kutiika mu 1928. Aliyense woyendetsa ankayenera kumva injini ndi khutu, apo ayi giya sinkalowa.

Chifukwa chake wamalonda zikumukhudza

Katundu wambiri wa m'misika amalimidwa kumtunda n'kukagulitsidwa kumunsi. Mbatatesi, kabichi ndi anyezi a ku Dedza ndi Ntcheu amatsikira kunyanja kudzera pa Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Katundu wochokera ku Blantyre amatsika phiri kupita ku Chikwawa, Nchalo ndi Ngabu. Wopita ku Karonga amatsika pa Chiweta. Misewu yonseyi ndi ya mitsetse italiitali yokhotakhota.

Blantyre ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe boma la Chikwawa lili pafupifupi mamita 100. Galimoto yolemera matani 3 pamodzi ndi katundu, ikatsika mamita 900 amenewo, imatulutsa mphamvu yokwanira kuwiritsa madzi pafupifupi malita 80, ndowa 4 za malita 20. Ina mwa mphamvuyi imathera ku mphepo ndi kugudubuzika kwa matayala, koma yotsala iyenera kupita kwina. Ngati injini siyikuthandiza, yonse imasanduka kutentha m'mabuleki.

Mapadi akatentha kwambiri amasiya kuluma, ndipo fungo lake limamveka. Choopsa koposa ndi mafuta a mabuleki. Mafuta atsopano a DOT 3 sayenera kuwira asanafike madigiri 205, a DOT 4 madigiri 230. Koma mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba malire ake amatsika kufika pafupifupi 140 kwa DOT 3 ndi 155 kwa DOT 4. Akawira, m'mapaipi mumakhala nthunzi, ndipo chopondera chimapita mpaka pansi osagwira kanthu. N'chifukwa chake giya yotsika ndiyo buleki yoyamba pamtsetse.

Lamulo lakale la madalaivala a malole ndi loti giya imene galimoto ingakwerere phiri ndi yomwenso itsikire, ndipo ilowetsedwe mtsetse usanayambe. Wochita zimenezi safuna heel-and-toe kawirikawiri. Pamsewu wowongoka amachepetsa liwiro ndi buleki, amachotsa phazi, amagunda moto pang'ono, n'kulowetsa giya. Luso la chidendene limathandiza pamene mtsetse wakula mosayembekezera, galimoto yalemera, ndipo kuchotsa phazi pa buleki ngakhale kwa kamphindi kungachititse kuti liwiro likwere.

Si galimoto iliyonse

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan, monga Sienta ndi Probox zambiri, ndi a otomatiki ndipo alibe chopondera kilatchi. Kwa amenewa, chofunika pamtsetse ndi kuchotsa giya pa D n'kuika pa 2, L kapena B, malinga ndi mtundu wa galimoto. Luso la chidendene ndi la magalimoto a magiya apamanja, monga mapikapu ambiri a Hilux, Hardbody ndi Isuzu KB, komanso minibasi ndi malole ang'onoang'ono.

Magalimoto ena atsopano ali ndi kompyuta imene imadula moto ikaona kuti buleki ndi moto zapondedwa pamodzi. Pa ena mwa amenewa kugunda moto uku buleki ili pansi sikuyankha bwino, ndipo kusintha zopondera sikungathetse zimenezo. Ena amachita okha ntchito yonse. Nissan 370Z inabwera ndi njira yokwezera yokha kuzungulira kwa injini potsitsa giya cha m'ma 2009, ndipo ena mwa ma Hilux a kuyambira 2015 ali ndi batani lolembedwa iMT lochita chimodzimodzi. Malole ambiri a dizilo monga Canter ndi Elf ali ndi exhaust brake, kandodo ka pafupi ndi chiwongolero kamene kamatseka njira ya utsi kuti injini igwire galimoto. Imeneyi imasiya kugwira dalaivala akaponda kilatchi kapena moto, choncho kusinthasintha magiya pakati pa mtsetse kumaichotsera ntchito.

Kuyeza kusanayambe kumasula

Choyamba ndi mpando. Dalaivala akaponda kilatchi mpaka pansi, bondo liyenera kukhala lopindika pang'ono ndipo msana usachoke pa mpando. Ambiri amene amadandaula kuti zopondera zili kutali kapena zakwera, vuto limakhala mpando. Pa galimoto yoyendetsedwa ndi anthu awiri kapena atatu, kusuntha mpando n'kwaulere, pomwe kusintha zopondera kuti zikomere munthu mmodzi kungasokoneze enawo.

Kenako pamafunika lula kapena tepi, ndi miyeso itatu ya buleki. Woyamba ndi kutalika kwa chopondera kuchokera pansi pa galimoto, kapeti itachotsedwa. Muyeso umenewu umasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto, ndipo umapezeka m'buku la okonza la galimotoyo. Wachiwiri ndi kampata kamene chopondera chimayenda chisanayambe kukankha kanthu, kamene amakaniko amati pulei. Injini itazimitsidwa, buleki ipondedwe kangapo mpaka italimba, kenako ikankhidwe ndi chala cha dzanja mpaka pamene yayamba kukana. Pa magalimoto ambiri a Toyota kampataka ndi mamilimita 1 mpaka 6. Wachitatu ndi mpata wotsala pakati pa chopondera ndi pansi, injini ikulira ndipo buleki itapondedwa mwamphamvu. Mabuku a Toyota amayeza umenewu ndi mphamvu ya makilogalamu 50, kulemera kwa thumba la chimanga.

Muyeso wachitatuwu ndi umene ukukhudza luso la chidendene. Zopondera siziyenera kufanana kutalika galimoto itangoima. Opanga magalimoto amaika buleki pamwamba kuposa moto mwadala, kuti phazi lisaponde ziwiri mwangozi. Chofunika n'choti buleki itakanikizidwa mwamphamvu ifike pafupifupi pamzere umodzi ndi chopondera moto, kapena ikhale pamwamba pang'ono. Ikamatsika kupitirira moto, phazi limayamba kukankha moto popanda kufuna, ndipo zimenezi zimachitika nthawi yoipa kwambiri, pamene dalaivala akuima mwadzidzidzi.

Buleki yotsika ndi matenda, si muyeso

Chopondera buleki chikamapita pansi kwambiri, kukweza ndodo yake n'kubisa matenda. Mapikapu ambiri ali ndi mabuleki a ng'oma kumbuyo, ndipo mashuzi akadyeka kapena akatalikirana ndi ng'oma, chopondera chimayenda ulendo wautali asanagwire. Chizindikiro chake n'choti kuponda kachiwiri mofulumira kumachikweza, ndipo handibuleki nayo imakwera kwambiri. Chopondera chofewa ngati siponji chimasonyeza mpweya m'mapaipi. Chopondera chimene chimatsika pang'onopang'ono phazi litachigwira pamalo amodzi chimasonyeza kuti mafuta akudontha penapake kapena marabala a mu master cylinder atha.

Palinso booster, chimbale chakuda chimene chili kuseri kwa master cylinder, chimene chimawonjezera mphamvu ya phazi. Kuchiyesa n'kosavuta. Injini itazima, buleki ipondedwe kangapo, kenako igwiridwe pansi uku injini ikulizidwa. Chopondera chikatsika pang'ono ndiye kuti booster ikugwira ntchito. Zonsezi zikonzedwe kaye. Nthawi zambiri mashuzi akasinthidwa ndi mpweya ukachotsedwa, buleki imaima yokha pamalo abwino popanda kukhudza nati iliyonse ya chopondera.

Kusintha kutalika kwa buleki

Ngati muyeso ukusonyeza kuti chopondera chachoka pamene buku likunena, pa magalimoto ambiri chimabwezeretsedwa ndi ndodo imene imachokera pa chopondera kulowa mu booster. Ndodoyi ili ndi mazinga, ndipo imamangidwa ndi nati pa kachitsulo ka mphanda kolumikiza ndi chopondera. Makaniko amayamba wabweza switchi ya magetsi a buleki, amamasula natiyo, amazungulitsa ndodo, amayeza, amamanganso nati, kenako n'kubwezeretsa switchi.

Apa mpofunika kudekha, chifukwa chopondera ndi ngati mkono wa sikelo. Pa galimoto ya booster, ndodo ikasuntha milimita imodzi, pamene phazi limaponda pamasuntha pafupifupi mamilimita 4. Kuzungulitsa ndodo kamodzi kokha kungasunthe chopondera pafupifupi theka la sentimita. Choncho ntchitoyi imachitika theka la kuzungulira nthawi imodzi, n'kumayeza.

Ndodo ikatalika kwambiri, pulei imatha, ndipo buleki imakhala yogwira pang'ono nthawi zonse. Mu master cylinder muli kabowo kobwezera mafuta m'kabotolo phazi likachoka. Kabowoka kakatsekeka, mafuta akatentha amasowa kothawira, ndipo mabuleki amalimba okha galimoto ikuyenda. Poyamba zimaoneka ngati galimoto yafooka ndipo ikumwa mafuta ambiri, kenako matayala amatentha mpaka kuima. Ndodo ikafupika kwambiri, chopondera chimayandikira pansi, ndipo tsiku limene mabuleki atentha kapena paipi imodzi yaphulika, mpata wopulumukira umakhala utatha. N'chifukwa chake buleki sitsitsidwa kupitirira malire a m'buku pofuna kuti ifanane ndi moto. Ndodo iyeneranso kutsala ndi mazinga okwanira m'kachitsulo ka mphanda, ndipo kapini kotsekera kabwezeretsedwe.

Ntchito ikatha, magetsi a buleki ayake chopondera chikangotsika pang'ono, ndipo azime chikabwerera. Magetsi osayaka ndi mlandu pa rodibuloko komanso amalepheretsa galimoto kupeza COF. Magetsi osazima amamaliza batire usiku umodzi, ndipo kawirikawiri chochititsa ndi karabala kakang'ono ka pa chopondera, kamene kamakankha switchi, kakafumbutuka. Pomaliza galimoto ikwezedwe ndi jeke kuti aone ngati matayala akuzungulira momasuka, kenako iyende makilomita angapo pamsewu wosatsetsereka. Malimu akatentha popanda kugwiritsa buleki kwambiri, ndodo yatalika.

Chopondera moto

Popeza buleki ili ndi malire ochepa, kusintha kwenikweni kumachitika ku moto. Pa magalimoto akale a kebulo, kulendewera kwa kebuloyo kumachepetsedwa ndi manati awiri a pafupi ndi injini. Kebulo yolendewera imachedwetsa injini kuyankha, ndipo kugunda moto kwa kamphindi kumapita pachabe. Koma isakokedwe mpaka kulimba. Patsale kampata kakang'ono, apo ayi injini imalira mokweza galimoto itaima, ndipo mafuta amapsa pachabe. Pa magalimoto a moto wa magetsi palibe kebulo, ndipo chopondera chonse ndi chipangizo chimodzi chosafuna kuphwasulidwa.

Ngati moto uli pansi kwambiri kapena kutali ndi buleki, njira yodziwika ndi kumangirira kambale kachitsulo pamwamba pa chopondera kuti chikwere kapena chikule pang'ono cha kumunsi, mbali ya buleki. Kambaleka kamangidwe ndi mabawuti olowa m'mabowo, okhala ndi manati osamasuka okha. Waya, mphira wa chubu kapena tokongoletsa tongopanikiza timaterereka n'kukola. Kambaleka kayambe kochepa, chifukwa kakakula kwambiri nsapato imagunda moto pofuna buleki. Kuwotcherera kapena kupinda mkono wa chopondera buleki ndi moto wa gasi n'koletsedwa kwa aliyense wofuna moyo, chifukwa chitsulo chotenthedwa chimafooka ndipo chimathyoka tsiku limene chapondedwa ndi mphamvu zonse.

Chilichonse chikawonjezedwa, moto upondedwe mpaka pansi injini itazima, n'kuona ngati ukubwerera wokha osakola kapeti. Nkhani ya kapeti si yaing'ono. Mu 2009 kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto oposa 3 miliyoni ku America chifukwa makapeti ena ankatha kukola chopondera moto. M'galimoto za malonda vutoli limakula chifukwa cha makapeti osanjikiza, zidutswa za makatoni ndi mabotolo ogudubuzika pansi pa mpando. Botolo limodzi likalowa kuseri kwa buleki, muyeso wonse ulibe ntchito.

Chopondera kilatchi

Kilatchi ili ndi miyeso iwiri, kutalika ndi pulei. Pa magalimoto ambiri a Toyota a kilatchi ya mafuta, pulei ndi mamilimita 5 mpaka 15. Ikachepa kwambiri, kilatchi imakhala ngati yapondedwa pang'ono nthawi zonse. Imayamba kuterereka pokwera chitunda ndi katundu, injini kumalira koma liwiro osakwera. Ikachuluka, kilatchi siyilekanitsa bwino, ndipo giya yoyamba ndi ya rivesi zimakukuta polowa. Pa kilatchi ya kebulo pulei imachepa mbale ikamadyeka, choncho imafuna kuyezedwa nthawi ndi nthawi.

Palinso chizolowezi chimene chimadya kilatchi kuposa muyeso wolakwika: kupumitsa phazi lamanzere pa chopondera, ndiponso kugwira galimoto pachitunda ndi theka la kilatchi m'malo mwa handibuleki. Pamzere wa magalimoto olowa mumsika, mphindi zochepa za khalidwe limeneli zimatentha mbale kuposa ulendo wautali.

Giyabokosi yakale imene imakukuta potsitsa giya imafuna kuponda kilatchi kawiri. Dalaivala amaponda kilatchi, amaika nyutulo, amamasula kilatchi, amagunda moto, amapondanso kilatchi n'kulowetsa giya. Kugunda moto kilatchi ili pansi kumateteza mbale ya kilatchi yokha. Kugunda moto pa nyutulo kilatchi itamasulidwa kumazungulitsanso magiya a m'kati, ndipo timphete ta synchromesh totopa timapeza mpumulo.

Kuphunzira popanda kutaya katundu

Luso la chidendene siliphunziridwa pa Chiweta ndi matumba kumbuyo. Poyamba galimoto ikhale itaima pa nyutulo, handibuleki itakokedwa. Phazi likanikize buleki, ndipo m'mphepete mwake mugunde moto mpaka muvi woonetsa kuzungulira kwa injini uzikwera mofanana nthawi iliyonse. Chovuta chachikulu ndi kusunga mphamvu ya pa buleki osasintha pamene phazi likupendekeka. Ambiri poyamba amaonjeza buleki mwadzidzidzi kapena amaimasula. Zikatheka, aphunzire pamsewu wopanda anthu, galimoto ilibe katundu, kuchoka giya yachinayi kupita yachitatu, kenako yachitatu kupita yachiwiri. Injini ya dizilo imachedwa kukwera poyerekeza ndi ya petulo, choncho imafuna kugunda kotalikirako pang'ono.

Nsapato nazo zili ndi mbali. Masilipasi amavuka n'kukola pansi pa chopondera, majombo ndi otakata moti amaponda ziwiri. Nsapato yomanga, ya pansi popyapyala ndi posaterera, ndiyo yoyenera. Marabala a pa zopondera akasalala asinthidwe. Ndi zina mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa galimoto yonse, koma matope a pamsika akakhala pa chitsulo chosalala phazi limaterereka.

Pali zinthu ziwiri zimene luso lililonse silingakonze. Kutsitsa giya liwiro lili lalikulu kumakakamiza injini kuzungulira kupitirira mzere wofiira, ndipo kompyuta siyingaletse chifukwa amene akuizungulitsa ndi matayala. Mavavu amapindika, ndipo mtengo wake umaposa wa kilatchi kutali. Chachiwiri ndi kutsika phiri pa nyutulo pofuna kusunga mafuta. Injini zamakono zimadula mafuta zokha galimoto ikamatsika ili m'giya phazi litachoka pa moto, pomwe pa nyutulo zimamwabe kuti zisazime. Kuzimitsiratu injini n'koopsa koposa, chifukwa booster imatha mphamvu buleki ikapondedwa kawiri kapena katatu, ndipo chiwongolero cha pawa chimalimba.

Pogula galimoto ndi popita kugalaja

Zopondera zimauza wogula zimene wogulitsa sanena. Marabala odyeka mpaka chitsulo pa galimoto yosonyeza makilomita ochepa ndi chifukwa chokayikira nambalayo. Kilatchi imene imagwira pamwamba penipeni nthawi zambiri yatsala pang'ono kutha, ndipo ena amatsitsa chopondera kuti zisaoneke. Kuyesa kwake ndi kukoka handibuleki pamalo opanda chotchinga kutsogolo, kulowetsa giya yachinayi, kupereka moto pang'ono n'kumasula kilatchi pang'onopang'ono. Kilatchi yabwino imazimitsa injini. Injini ikapitiriza kulira, mtengo wa kilatchi yatsopano uchotsedwe pa mtengo wa galimoto. Kuyesaku kuchitike kamodzi ndi mwachidule, chifukwa nakonso kumatentha mbale.

Pogula zipangizo ku Biwi, ku Ndirande kapena kwina kulikonse, pali zimene munthu angagule zogwiritsidwapo kale ndi zimene sangayerekeze. Mkono wa chopondera wochotsedwa pa galimoto ya mtundu womwewo ndi wabwino ngati sunapindike kapena kuwotchereredwa. Mafuta a mabuleki agulidwe m'botolo lotseka, la DOT yolembedwa pa chitsekero cha kabotolo ka galimoto, chifukwa otsegula kale amakhala atayamwa chinyezi. Opanga magalimoto ambiri amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse.

Pagalaja, mwini galimoto apemphe makaniko kuti ayeze asanamasule, ndipo manambala a poyamba ndi a pomaliza alembedwe m'kope lomwe mumalembedwa za mafuta ndi ziphaso. Safunsa anadya phula, ndipo makaniko wodziwa ntchito sakwiya ndi funso la mamilimita. Patapita miyezi, manambalawo adzasonyeza ngati buleki ikutsika kapena pulei ya kilatchi ikutha, galimoto isanaime panjira ndi matimati akupsa ndi dzuwa.

Dongosolo lake ndi ili: mpando poyamba, kenako kukonza mabuleki, kenako kubwezeretsa buleki ndi kilatchi pa miyeso ya m'buku, ndipo pomaliza, kwa amene akufunadi luso la chidendene, kusendeza moto pang'ono kuti ukumane ndi buleki yopondedwa. Wamalonda amene sadzaphunzira lusoli sanataye kanthu ngati amalowetsa giya yoyenera mtsetse usanayambe. Amene waliphunzira ali ndi chida china cha tsiku lovuta, bola zopondera zake zikhale zoyezedwa.